Chaka chimene Chilwa inaphwa

Mayi anga anatchola tiyi pa esiteti moyo wawo wonse, koma sanabadwire ku Thyolo. Kwawo kunali tsidya lija la nyanja ya Chilwa, ku Mozambiki. Bambo awo anali ndi bwato lalikulu la matabwa, loyendera thanga, lomwe linkaolotsa matumba a chimanga ndi nsomba zouma. Tsiku lina masana mphepo inawapeza pakati pa nyanja atadzaza katundu. Bwato linamira, ndipo mwa amuna anayi omwe analimo anapulumuka mmodzi yekha, koma sanali agogo. Mayi anali kamwana. Chaka chotsatira agogo aakazi anawabereka kumbuyo n'kubwera kuno kudzafuna ntchito.

Nkhaniyi ndinkaimva zidutswazidutswa, tikuchapa kudamu kapena tikuchokera kutchalitchi. Nkhope ya bambo awo anaiiwala. Chomwe ankakumbukira ndi chigamba chofiira pathanga paja, komanso fungo la nsomba m'malaya mwawo.

Ndili ndi ana awiri kale, ndikugwira ntchito kufakitale, Loweruka lina la m'chilimwe ndinapita ndi mayi ku Bvumbwe kukagula ndiwo. Mayi anafunsa matemba.

"Matemba kulibe, amayi," anatero wogulitsa. "Chilwa yaphwa. Anthu akupita kuchilumba pa njinga. Ndi mabwato omwe amene anamira kalekale akuonekera m'matope, nthiti zokhazokha."

Mayi anangoima pomwepo, kathumba kali m'manja, mpaka ndinawakoka dzanja. Tinakwera minibasi yobwerera kunyumba. Titatsika, tikuyenda kanjira ka pakati pa tiyi wodulira kumene, ndi pamene anati, "Mwananga, undiperekeze."

"Kuti, mayi?"

"Kunyanja. Ndikaone."

"Nanga mukalizindikira bwanji? Thangalo linaola kale."

"Sindingalizindikire. Ndingofuna ndikaponde pansi pamene anagona bambo anga."

Ndinavomera, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinangoti adikire mwezi uthe, pakuti kufakitale tinkatsuka makina ndipo akapitawo sakanandimasula. Mayi anachapa chitenje chawo cha kutchalitchi, nachipinda n'kuchiika m'chikwama pamodzi ndi nsapato. Mwezi utatha, mwana wanga wamng'ono anadwala malungo, tinagona naye kuchipatala masiku angapo. Atachira ndinati tipume kaye sabata imodzi. Mayi sanandikumbutse ngakhale kamodzi. Ndinkangowapeza atakhala pakhonde, akuyang'ana mitambo ikuunjikana cha ku Mulanje.

Kenako mvula inagwa, yambiri. Tiyi anaphuka minda yonse, masamba ankabwera pa mathirakitala otsatizana, ndipo tchuthi panalibe amene akanachitchula. Pomwe tinabwereranso ku Bvumbwe, wogulitsa uja anatiuza mosangalala kuti madzi abwerera.

"Chabwino," anatero mayi. "Awafunditsanso bambo anga." Anagula tomato, tinabwerera kunyumba.

Anamwalira patapita zaka ziwiri, nyengo yozizira, tinawaika pamanda a esiteti pafupi ndi mayi awo.

Kunyanjako ndinakafika pambuyo pake, ndi amayi anzanga a kumpingo, titapita kumsonkhano ku Zomba, kufupi ndi nyanjayo. Ndinawasiya akudya, ndinatsikira kudooko ndekha. Madzi anali tho, mabango ali biriwiri. Ndinapeza bambo wina wachikulire akusoka ukonde, ndinamufotokozera zonse. Anandimvetsera bwino, kenako anandifunsa mudzi umene bwatolo linkachokera. Zaka zonse zija ndikuchapa ndi mayi pamwala umodzi, dzina la mudziwo sindinawafunsepo.

Bamboyo anayankhula mawu angapo m'Chilomwe, ine ndinangotolapo awiri. Ataona kuti sindikumva, analoza ndi singano yake chakum'mawa, kumene madzi ankakumana ndi mapiri. Ndinavula nsapato, ndinalowa m'madzi mpaka m'maondo, ndinaima pomwepo kufikira anzanga atatuma munthu kudzanditenga.