Kamba wa Ulendo wa Pandege

Kwathu ku Nyimba munthu sanyamuka ulendo wopanda kamba. Choncho mwana wanga wamkazi, amene amayendetsa ndege, atandiitana kuti ndikwele naye kuchokela ku Lusaka kupita ku Mfuwe, ndinamanga m'chitenje nkhuku yokazinga, mbatata ndi phava la nthochi. Mtundawo ndinauyesa ndi basi, imene imadya tsiku lonse.

Ndinali ndikali kufunafuna mtsinje wa Luangwa pawindo, mfundo ya chitenje ndisanamasule, pamene mawu ake anamveka kuti tikutela. Ola linali litangopitilila pang'ono.

Ndinatsika nditabisa phukusi kumbuyo, kuopa kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake a mayunifomu oyela. Pa sukulu yake ndinachedwa kumuthandiza, monga mmene ndinachedwela kuyamba sukulu yanga, ndipo sindinafune kumuonjezela vuto lina. Koma anandiona.

"Atate, mukubisa chiyani? Fungo la nkhuku ya amai ndalimva ndili kutsogolo!"

Anayala chitenje pamthunzi wa phiko la ndege, naitana anzake. "Bwelani, awa ndi atate anga. Amayesa tifika mawa."

Onse anaseka, inenso ndinaseka. Nthutumba, imene kwathu amadya mwini khomo, ndinaiika m'dzanja la mwana wangayo.