Mpunga wa M'khwapa

Dimba linali la apongozi, kumunsi kwa phiri, kufupi ndi Malomo. Ine mkamwini ndinangobwereka. Anthu wamba kwathu amalima chimanga ndi fodya. Ine ndinasankha mpunga, poti nzeru zinandichulukira. Zaka ziwiri zotsatizana chiwau chinaupsereza wonse, masamba mawangamawanga ngati nkhanga. Apongozi sakanandiyankhula pamaso, mwambo sulola, ndiye anatuma mkazi wanga.

"Akuti ukapsanso chaka chino, dimba libwerere. Adzalamo kachewere."

Sabata yomweyo alangizi a zaulimi anatiuza pamsonkhano kuti akatswiri amawalitsa mbewu ya mpunga ndi cheza champhamvu, chibadwa chake n'kusintha. Zambiri zimafa, zina zimapunduka, koma mwa zikwizikwi imodzi imatuluka yosagwidwa matenda, ndipo kuisankha kumatenga zaka. Za zikwizikwi ndi zakazo sindinamve bwino. Ndinali nditayamba kale kukhosomola.

Ndinakhosomola masiku anayi, mwakhama, mpaka adokotala ananditumiza kukajambulitsa chifuwa pa makina a cheza. Mbewu ndinaimanga m'kansanza, n'kukoleka m'khosi.

"Bambo, vulani malaya. Chithumwacho chotsaninso," anatero mayi wojambula. "Ndiye mwati ndinu a kwaya ku parishi?"

Atatembenuka, kansanza kaja ndinakapanira m'khwapa. Anati ndikweze zigongono, ndinakweza chimodzi. Chithunzi chinatuluka chopendekeka, moti adokotala anati mapapo ali bwino koma phewa likufunika mapemphero. Ndikulumbira, mboni zilipo.

Ndinafesa, ndinawokera. Chiwau chinafika pa nthawi yake, icho sichichedwa ngati minibasi. Dimba lonse linapsa, kupatula phando limodzi pakona, lobiriwira, lodzimva. Ndinathamangira alangizi n'kuwaululira zonse.

"Achimwene, makina a kuchipatala mphamvu yake ndi yochepa, si yosinthira mbewu," anatero. "Mwina langopulumuka. Sungani ngala zake, tidzayese chaka chamawa."

Chaka chamawa! Komabe ngalazo ndi zomwe ndikanaonetsa apongozi. Phando lija ndinalimangira mpanda, m'mawa uliwonse n'kumaziwerenga: zisanu ndi ziwiri. Kutatsala sabata kuti ndimwete, mbuzi ya apongozi omwewo inalumpha mpanda n'kudya sayansi yonse, mpaka mizu.

Lero m'dimbamo muli kachewere. Wolima ndine ndemwe, wokolola apongozi. Koma mbuziyo, chidyereni mpunga uja, sinadwalepo ngakhale chimfine. Chitopa chitamaliza nkhuku zonse m'mudzi, iyo sichinaikhudze n'komwe. Wotsutsa abwere adzaione, imagona kuseri kwa nkhokwe.