A Esinati akana kutsala ku Joni

Moni nonse abale, ndafika bwino kuno ku Khonjeni masana ano.

Paja tinapita ku Joni ku ukwati wa mwana wa a Esinati, ine, iwowo ndi a Rozi, anzanga omwe tinkathyola nawo tiyi ku esiteti tili atsikana. Ukwati unakoma, tinavina mpaka nsapato ya a Rozi inaduka.

Koma mwanayo anaumirira kuti mayi ake atsale azikhala konko. Ife nkhawa, chifukwa nyumba yake ndi yokongola zedi.

Kutacha, a Esinati anaima pageti n'kumapereka moni kwa odutsa. Palibe anayankha, wina mpaka anafumbata foni yake n'kuthawa! Analowa m'nyumba akupukusa mutu. Akuti, "Amwali, kuno ndingafe ndi mawu m'kamwa. Tiyeni kwathu."

Lero titangoona minda ya tiyi, anayambitsa nyimbo ya Chilomwe m'minibasi, anthu onse n'kumavomera. Potsika, amayi ogulitsa nthochi anatikumbatira n'kumafunsa za ulendo, akabaza akungotidikira.

Tsopano mwana uja waimba foni akudandaula kuti tamulanda mayi. Achimwene, alamu, mukuti bwanji, talakwa kubwera nawo?