Tsiku Limene Mbuzi Zinadya Mphale

Mphasa ya agogo inali yodyeka mbali imodzi, ndipo inkanunkha mphale yoviika. Chaka chimene mayi anamwalira, ntchito yanga inali kukhala pambali pa mphasayo ndi kamtengo, kuingitsa nkhuku ndi mbuzi. "Iwe uli ndi maso," ankatero agogo. Ankanena zoona. Ndinali mwana wosayankhulayankhula, koma nkhuku ikangopendeketsa mutu ndinkadziwa kale chimene ikufuna.

Unali mwezi wa njala, nkhokwe itatheratu, chimanga cha m'munda chikungotulutsa ngayaye. Mphale ya tsikulo inali yomaliza. Dzuwa litatuluka pambuyo pa masiku atatu a mvumbi, agogo anayanika msangamsanga n'kupita kumjigo ndi ndowa.

Zovala za mayi anali atagawana achibale monga mwa mwambo. Palibe anandiuza kuti chitenje chawo chobiriwira cha madontho achikasu chinapita kwa msuweni wawo wa ku Mayani. Ndiye nditachiona chikutsetsereka njira ya kuseri kwa tchalitchi, zina zonse zinazimirira. Mbuzi zitatu za amalume zinali pomwepo, fungo lake ndikulimva. Lero ndimadzifunsa kuti ndinalephera bwanji kuziona. Sindinalephere. Maso anaziona, koma mtima unali utanyamuka kale.

Ndinathamanga m'matope mpaka pamlatho wamitengo. Mayi amene anachivalayo anatembenuka. Nkhope ina.

"Iii, mwana wa malemu uja! Ukuthamangira chiyani, mwanawe?"

Ndinangogwira nsonga ya chitenjecho, kenako n'kuisiya.

Pobwerera ndinapeza amalume akugenda mbuzi zawo, mphale yotsala itapondedwa m'matope.

"Kumangotong'ola maso ngati kadzidzi, ntchito osagwira! Mudya chiyani sabata ino?"

Sindiwaimba mlandu. Iwo ankaona njala, ndipo njalayo inabweradi: tinakhalira nkhwani ndi maungu anthete mpaka mondokwa atakhwima.

Agogo anafika ndowa ilibe madzi, zovala zitanyowa mbali imodzi, bondo lili matope okhaokha. Ndinadikira mbama. Iwo anayang'ana miyendo yanga, anayang'ana kunjira, n'kugwada.

"Tola, mwanangu. Titsuka."

Tinatola imodziimodzi. Ine ndinkangoti agogo anangoterereka pamatope. Sindinkadziwa kuti munthu ali pamjigo amaiona bwinobwino njira ija, ndiponso kuti amene ine ndinkamuthamangira ngati mayi, kwa iwo anali mwana.