Mabulangeti Onyowa pa Nsungwi ya Eriyo

Ndine ndinalepheretsa apongozi anga aamuna kuonera mwambo wa Kulamba, ndipo mpaka lero sadziwa.

Miyendo itayamba kuwavuta, analeka kupita ku Mkaika kumene mwambowu umachitikira. Chaka chimenecho anati aonera pa TV kwathu ku Sinda. Anavala jekete m'mamawa ndithu, n'kukhala pampando ngati mlendo woitanidwa.

Ine panja ndinkayanika mabulangeti. Chingwe chinali chitaduka mbali imodzi, ndiye ndinangochimangirira kunsungwi imene imanyamula eriyo. Mabulangeti onyowa ndi olemera. Nsungwi inapotoka, eriyo n'kuyang'ana kumunda m'malo moyang'ana ku Katete.

Ndinamva ng'oma zikudukaduka m'nyumba, kenako zii. Amuna anga anazimitsa dikoda, kuyatsanso, kupukuta mawaya, kusaka machanelo kawiri. Ine ndinali nditaona kale chimene ndachita. Ndinamasula chingwe mwakachetechete, koma eriyo inatsala chomwecho. Ndikanangowanong'oneza amuna anga, inali ntchito ya mphindi ziwiri. Koma ndinaganiza za dzina langa, mtengwa wopanda nzeru, likutchulidwa pamaso pa apongozi.

"Kapena ndi mphepo ya Ogasitiyi," ndinatero nditaima pakhomo. Tsikulo ngakhale tsamba silinkagwedera.

Apongozi anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Kenako anavula jekete, n'kulipinda bwinobwino pamwendo.

Madzulo ndinawapatsira bulangeti lawo nditagwada. Analisisita, n'kulinunkhiza.

"Mwagwira ntchito lero, amayi," anatero. "Zikomo."

Chaka chotsatira maso awo anachita ng'ala. Bulangetilo amafundabe, ndipo amene amalichapa ndine.