Mpini Tinauika M'manda

Khasu lopanda mpini limene lapachikika pakhomo pangali, musaliseke. Adzukulu akuti aligulitse kwa ogula zitsulo ku Petauke. Ine ndikali moyo? Ayese!

Mwini wake anali wantchito wa amalume, kwathu kwa Kalindawalo. Anachokela kwa Apwitikizi, kuthawa chibalo, wopanda mbale ngakhale mmodzi. Polima ankaimba cha m'mphuno, thukuta lake likununkha fodya. Mpini wake unali wa muwanga, wosalala ngati wodzola mafuta, ndi kadzenje pamene chala chake chachikulu chinkakhala. Ine ndinkamutsata m'mizele ya nsawa ngati kagalu. Iye ankati, "Dzanja lako likadzakwana pampini uwu, khasu n'lako."

Chaka cha nkhondo ya azungu, mvula itangoyamba, amesinjala a boma anabwela kudzatenga amuna oti apite kunkhondoko. Pathu anafuna mmodzi, ndipo anatchula amalume. Amai analila mpaka mawu kuuma, pakuti mlongo wawoyo ndiye ankatisunga. Wantchito uja anatsamilitsa khasu pankhokwe, n'kunena, "Bambo, khalani. Ine wondilila palibe." Amesinjala analibe nazo kanthu. Kwa iwo mutu unali mutu basi.

Amalume anangoyang'ana pansi. Lelo ndine nkhalamba, ndinena mosaopa: sanakane. Koma nanga ine ndikanakana?

Nsawa zinamela, udzu n'kuzipitilila. Khasulo amalume analetsa aliyense kuligwila. Ine ndinkazembela kunkhokwe kukayeza dzanja langa pampini, koma zala sizinkakumana.

Nthawi yokumba nsawa, mesinjala mmodzi anabwela panjinga. Anati munthu wanu uja anafa, anamuika komweko. Dzina la dzikolo sindinaligwile, ine sukulu sindinapite. Anthu anayamba kunong'ona: malilo a yani? Mtembo palibe, mbumba palibe, ndipo mlendo amagona kumphepete kwa manda.

Amalume, munthu wosadziwa kukweza mawu, tsiku limenelo anakuwa mudzi wonse n'kumva. "Anafa pamalo panga, agonanso pamalo panga!" Anagogoda khasu pamwala, chitsulo n'kugweluka. Mpini anaukulunga mumphasa yatsopano. Anaukumbila manda pafupi ndi a agogo, malo amene anadzisungila iwo eni. Amai anatimeta tonse mipala, monga timachitila akafa wapamimba. Lumo linali lobuntha, mutu unandiwawa mpaka mawa lake.

Kumandako palibe analila kuposa ine. Azimai a m'mudzi ankagwedeza mitu, "Mwanayu anamukonda, kalanga ine." Kumukonda ndinamukonda, koma m'mutu mwanga anali akubwelabe. Ndinkalila mpini wanga umene ankaukwilila dzanja lisanakwane.

Amalume anandipatsa chitsulochi. Kuchokela tsiku limenelo sindinawamvenso akuseka, ndipo atamwalila tinawaika kumphepete, kwa alendo, monga analamula okha.

Koma tsiku lija ndinkangowakoka malaya, kuwapempha kuti afukule mpiniwo. Ndinkati, mwini wake akabwela, alima ndi chiyani?