Mabuku a m'makatoni ku Mulanje

Tinagwirizana zonyamuka mbandakucha, koma basi inatuluka mu Blantyre dzuwa litakwera kale. Chotichedwetsa chinali matisheti. Kampani yathu ya inshuwalansi imatumiza antchito kamodzi pachaka kukawerenga ndi ana pa sukulu ina ya pulayimale ku Mulanje, ndipo abwana athu, a Chikaonda, salola munthu kukwera basi asanavale tisheti ya kampani. Yanga inali yothina moti ndinkapuma mwaulemu.

Tinadzera msewu wa Midima. Chinsalu chomwe tinamangirira kumbuyo kwa basi chinkati ndife okonda kuwerenga, koma m'katimo aliyense maso anali pa foni. Panjira tinaima kuti anthu agule tchipisi. Mayi wina wogulitsa nthochi anayang'ana tisheti yanga n'kufunsa, "Achimwene, chimenechi ndiye chipani chatsopano?"

Ndinati ayi, tikukawerenga ndi ana.

"Basi yonseyi? Kaya, pitani bwino," anatero akundipatsa nthochi.

Pa Chitakale tinakhalanso nthawi yaitali, kudikira wojambula zithunzi yemwe anatsalira ku Limbe ndipo ankatitsatira pa minibasi. Wina atadandaula kuti ana akudikira, a Chikaonda anayankha osaseka n'komwe: "Tikapita opanda kamera ndiye kuti sitinapite."

Tinasiya tala n'kudutsa m'minda ya tiyi, ndipo tinafika dzuwa litapendeka. Ana anali pansi pa mtengo chiyambire m'mawa, mawu atasasa ndi nyimbo zotilandira. Analankhula ahedi, analankhula wapampando wa komiti, kenaka a Chikaonda anauza ana a sitandade wani m'Chingerezi kuti kuwerenga n'kofunika.

Zitatha izi, ahedi anatulutsa makatoni a mabuku omwe tinasiya chaka chatha, omata bwinobwino ndi selotepi. Paja potsanzika ulendo uja a Chikaonda anati tikadzabweranso tidzawapeze mabukuwo ali bwino. Ahedi anamvera. Anawalonga tsiku lomwelo, n'kuwatsekera mu ofesi chaka chathunthu.

"Palibe ngakhale limodzi long'ambika, bwana," anatero monyadira.

Ndinkayembekeza kuti abwana achita manyazi. Anawomba m'manja, n'kuwapatsa ahediwo ambulera ya kampani. Mtima unandiwira.

Apa mtsikana wina wa sitandade folo anandikoka tisheti. "Ankolo, ndine Malita. Buku la mbuzi lija."

Ndinakumbuka. Chaka chatha ine ndi iye tinayamba nkhani ya mtsikana yemwe mbuzi yake inasowa m'phiri, ndipo basi inaliza hutala tili pakati. Malita anali atadikira chaka chonse kuti adziwe ngati mbuziyo inapezeka. Anandiuzanso kuti mayi ake ntchito yothyola tiyi yawathera, ndipo teremu ikatha abwerera kwawo ku Mozambiki.

"Kumeneko mabuku ndi a Chipwitikizi, ankolo. Timalize lero."

Tinalipeza bukulo n'kukhala pa khonde. Anakana kuti ndimuwerengere. Ankawerenga yekha, pang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa mawu. Wojambula anatidzutsa kuti tikakhale pomwe phiri likuoneka kumbuyo, kenaka anatidzutsanso chifukwa dzuwa silinamukomere. Malita ankangonyamuka, maso osachoka pa tsamba.

Atatsala ndi masamba ochepa, hutala inalira. Dalaivala ankafuna kukafika ku Limbe kusanade.

Ndinapempha ahedi kuti mwanayo apite nalo bukulo kunyumba.

"Pepani, akulu. Akakaling'amba, chaka chamawa ndidzayankha chiyani kwa abwana anu?"

Ndinathamangira kwa a Chikaonda. Iwo anati, "Zimenezo n'za sukulu, tisalowerere. Kwerani."

Ndinakwera. Pawindo ndinaona ana ali pamzere kubweza mabuku. Malita anali kumapeto kwenikweni, akuwerengabe choimirira, mpaka ahedi anatambasula dzanja. Anapereka bukulo chala chikadali pakati pa masamba.

Pobwerera tinagula nanazi pa Chitakale, anthu akutumizirana zithunzi ndi kuyamikirana kuti ana alimbikitsidwa. Pa ulendowu ndinaphunzira kuti kampani yathu imakondadi mabuku, bola akhale oyera ndi omata, asakhudzidwe ndi mwana. Chaka chamawa tidzawapeza ali bwinobwino m'makatoni mwawo. Malita ndiye sitidzamupeza, ndipo za mbuzi ija sadzazidziwa.